Ndinadikira Kufunsidwa Kachitatu

Inu owerenga, ndivomere poyamba pomwe kuti vuto limene ndikufuna kukufotokozerani ndinadzipangira ndekha. Palibe amene anandinamiza, palibenso amene anandimana kanthu. Ndinatsala pang'ono kusiya maphunziro anga a ukachenjede chifukwa cha ulemu, ndipo ngakhale masiku ano ndimaseka ndikakumbukira, chaka chathunthu cha moyo wanga chinapita pa nkhani imeneyi. Ndalemba kuti wina amene analeredwa monga ine asadzagwe m'mbuna yomweyo.

Ndinabadwira ku Nchenachena, m'boma la Rumphi, m'banja la anthu opemphera. Bambo anga, amene ife timawatchula kuti adada, anali mphunzitsi wa pulayimale komanso mkulu wa mpingo. Pakhomo pathu panali malamulo ambiri, koma limene linakhazikika kwambiri m'mutu mwanga linali lokhudza kulandira zinthu kwa eni. Adada ankatiphunzitsa kuti munthu woleredwa bwino akapatsidwa chakudya kapena mphatso salandira nthawi yomweyo. Koyamba umakana, kusonyeza kuti kwanu sunachoke ndi njala. Akakukakamiza umakananso, kuti mwini nyumba apeze mpata wobwerera ngati anangokuitana mwamwambo pamene chakudyacho n'chosakwanira. Akanena kachitatu, pamenepo wadziwa kuti akupereka ndi mtima wonse, ndipo umalandira ndi manja awiri n'kunena kuti yewo, kumene kuli kuthokoza kwa kwathu.

Mwambo umenewu unkayenda bwino chifukwa aliyense wotizungulira ankaudziwa. Tikapita kukacheza kwa azakhali ku Bolero, iwo ankatikakamiza mpaka kanayi, nthawi zina mbale atatiikira kale pamiyendo. Sindinakhalepo ndi njala chifukwa chokana. Motero ndinakula ndikukhulupirira kuti dziko lonse limafunsa katatu.

Nditakhoza mayeso a Fomu 4 ndinapeza malo pa yunivesite ina ya m'boma lathu lomweli, kukachita dipuloma ya za chitukuko cha m'madera. Malo ogona apasukulu anali ochepa, choncho ndinapeza chipinda m'mudzi woyandikana ndi sukulu, ndipo tinkakhala awiri ndi mnzanga wa m'kalasi dzina lake Wongani, mwana wa msodzi wa ku Chiweta. Tinkadziphikira tokha. Mwezi uliwonse amama ankanditumizira thumba la ufa, nyemba ndi nthochi pa galimoto ya matola, ndipo Wongani ankalandira usipa wouma kuchokera kwawo. Chaka choyamba chinatha popanda chodandaulitsa.

M'chaka chachiwiri, mvula itangoyamba, adada anagwa pabwalo la tchalitchi potuluka m'mapemphero. Kuchipatala anati ndi matenda opha ziwalo. Mbali yonse ya kumanja inafooka, ndipo ngakhale kulankhula kunkawavuta. Amama anasamukira kuchipatala kukawadwazika, munda unalowa tchire, ndipo kochepa kamene kanali pakhomo kanapita ku chisamaliro cha wodwala. Zolipira kusukulu za chaka chimenecho adada anali atamaliza kale, choncho vuto langa silinali la ndalama za sukulu, linali la m'mimba. Thumba lija linasiya kubwera. Amama akaimba foni n'kufunsa ngati ndikudya, ndinkayankha kuti zonse zili bwino, popeza ndinkaona kuti katundu amene anasenza anali wokwanira kale.

Wongani anali munthu wosabisa mawu. Ataona kuti ndayamba kuphika kamodzi patsiku, ndiponso kuti ndikumapeza zifukwa zochokera panyumba nthawi ya chakudya kuti ndisamudyere chake, anandifunsa tsiku lina kuti, "Iwe mwana wa mkulu wa mpingo, ukufuna ufe mwaulemu? Ndiuziretu nyimbo yoti tidzakuimbire." Ndinaseka n'kumuuza kuti zinthu zisintha posachedwa. Iye sanadikire kuti zisinthe. Anapita ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira n'kukalembetsa mayina awiri, lake ndi langa.

Ofesi imeneyi ndinkaidziwa ndi maso okha. Tsiku limene tinkalandiridwa pasukulu anatiuza kuti ndi kumene wophunzira amapita zinthu zikamuthina, koma ine ndinaiika m'gulu la nkhani zokhudza anthu ena. Mu ofesimo munkagwira ntchito Mayi Nankhoma, mayi wa ku Dedza amene anali atakhala zaka zingapo kuno kumpoto, wolankhula mofatsa koma wochita zinthu mwachangu.

Tsiku loitanidwa litafika ndinasita malaya anga oyera, ndinapukuta nsapato, n'kupita. Pakhonde panali mzere wautali wa ophunzira. Nthawi yanga itakwana, Mayi Nankhoma anandiuza kuti amva za matenda a bambo anga, anapepesa, kenaka anafotokoza mwadongosolo zimene sukulu ingandichitire. Panali kadi yodyera ku kafeteriya kawiri patsiku mpaka kutha kwa semesita. Panali ntchito ya maola ochepa mu laibulale. Panalinso mlangizi amene ndikanatha kumacheza naye za nkhawa zanga. Inu owerenga, pamene ankatchula kadi ya chakudya ija m'kamwa mwanga munadzaza malovu, popeza chiyambire dzulo lake ndinali nditangodya mango awiri. Koma atafunsa ngati angandilembe, pakamwa panga panatuluka zimene panaphunzitsidwa.

"Yewo chomene, mayi, koma ine ndili bwino. Alipo anzanga ovutika kuposa ine."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Mwatsimikiza, achimwene? Mnzanu uja analankhula ngati zinthu sizili bwino."

Mumtima ndinawerenga kuti aka n'kachiwiri, ndipo ndinakondwera kuona kuti mayiwa ndi munthu wodziwa mwambo. Ndinayankha kuti Wongani amakonda kukokomeza nkhani, ndipo ndinakonzeratu manja anga pamaondo kuti ndilandire pa funso lachitatu.

"Chabwino," anatero akulemba kanthu papepala. "Mwachita bwino kuganizira anzanu, si ambiri amatero. Mulungu awachize bambo. Potuluka mundiitanireko wotsatira."

Ndinakhalabe pampando kwa kamphindi, kudikira. Iwo anali atatsegula kale fayilo ina. Ndinadzuka, ndinathokoza, ndipo ndinakaitana wotsatira uja ndi pakamwa panga pomwe, kuti alowe akatenge chakudya changa.

Munthu wanzeru akanatembenuka pakhomo pomwepo n'kunena kuti wasintha maganizo. Ndaganizira kwa nthawi yaitali chifukwa chimene sindinachitire zimenezo, ndipo ndapeza kuti sunali mwambo wokha. Mayi Nankhoma anali atandiyamikira kuti ndine woganizira ena, ndipo chiyamikirocho chinandimanga miyendo, pakuti kubwerera kukanasonyeza kuti sindinali munthu amene iwo anandiyesa. Komanso pamzere paja panali ana a anthu amene adada anawaphunzitsa, ndipo ndinkaopa kuti mbiri ikafika ku Nchenachena yakuti mwana wa aphunzitsi wayamba kupempha. Choncho ulemu umene ndinkadzitamandira nawo unali utasakanikirana ndi kunyada, ndipo pa nthawi imeneyo sindinkatha kusiyanitsa ziwirizi.

Wongani atandifunsa mmene ndayendera, ndinamuuza kuti akuti adzandiitananso. Silinali bodza lenileni m'maganizo mwanga, chifukwa ndinkakhulupiriradi kuti funso lachitatu likubwera, langochedwa. Iye kumbali yake anavomera pa funso loyamba, ndipo anawonjezeranso pempho la malo ogona. Patangotha sabata imodzi anapatsidwa bedi ku hositelo. Anasamuka akusangalala, poganiza kuti nanenso zanga zili m'njira, ndipo ndinatsala ndekha m'chipinda chija.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene anzanga amandiseka nacho mpaka lero. Ndinaganiza zothandiza Mayi Nankhoma kuti akumbukire kundifunsa. M'mawa uliwonse ndinkasintha njira yopita m'kalasi kuti ndidutse pakhomo pa ofesi yawo, n'kuima, n'kuwapatsa moni wautali. Ndinkafunsa za ana, za ulendo wa ku Dedza, ngakhale za chimanga chawo cha kuseri kwa nyumba. Iwo ankayankha mwansangala n'kufunsa za adada, kenaka n'kupitiriza ntchito. Popeza ndinkafika nditasita zovala ndiponso ndikumwetulira, ankandiona ngati chitsanzo cha wophunzira wopirira. Tsiku lina ndinawamva akuuza mnzawo wa mu ofesi kuti, "Mnyamata uyu ndiye waulemu pasukulu pano." Ndinachoka pamenepo ndi ulemu wanga wonse, kupita kukamwa madzi pampopi kuti m'mimba musalire m'kalasi.

Masabata asanu anatha chotero. Ufa utatheratu ndinkadalira mango a m'mudzi muja ndi chinangwa chimene eni nyumba ankandipatsa, iwo pokhala anthu akwathu odziwa kukakamiza. Thupi linayamba kufooka, koma chimene chinawonongeka msanga chinali mutu. Ndinkawerenga ndime imodzi kangapo osatolapo kanthu. Aphunzitsi akamalankhula, maganizo anga ankakhala ku chipatala kumene kunali adada, kapena ku fungo lochokera ku kafeteriya. Chodabwitsa n'chakuti semesita yomweyo tinkaphunzira za kapezedwe ka mabanja ovutika m'midzi, ndipo mphunzitsi wathu ankabwereza kuti osowa kwenikweni kawirikawiri amabisala, safika pamsonkhano, ndipo akafunsidwa amati ali bwino. Ndinalemba mawu amenewo m'kope mwanga ndi kuwadula mzere pansi, osazindikira kuti akunena za amene wagwira cholemberacho.

Zotsatira za mayeso apakati pa semesita zitatuluka ndinali nditalephera maphunziro awiri, ine amene chaka choyamba sindinatsikepo pa ophunzira asanu oyambirira. Ndinakhala pansi n'kuyeza zinthu monga ndimachitira nthawi zonse. Ndinaona kuti ndikapitiriza ndidzalephera mayeso otsiriza n'kuchotsedwa mwamanyazi, pamene ndikachoka ndekha ndikathandiza amama kumunda, ndipo anthu adzati ndinasiya sukulu chifukwa chokonda makolo. Njira yachitatu, yongopita kukanena kuti ndili ndi njala, sinalowe n'komwe m'kuyeza kwangako. Ndinakatenga fomu yosiyira sukulu.

Fomu imeneyo inkafunika kusainidwa m'maofesi angapo, ndipo ofesi yotsiriza inali ya Mayi Nankhoma. Ndinafika masana, iwo akutsegula kontena ya chakudya chawo. Anawerenga fomuyo mpaka pamzere wa chifukwa, pamene ndinalemba kuti mavuto a pakhomo. Anaika cholembera pansi, anandiyang'anitsitsa kuyambira kumaso mpaka pa lamba amene ndinali nditaboola bowo latsopano, ndipo sanandifunsenso ngati ndili bwino. Anafunsa kuti chakudya chenicheni ndinadya liti komaliza. Funso limenelo linalibe yankho la mwambo. Ndinayesa kuwerenga masiku, ndinalephera, ndipo misozi inayamba kutsika yokha. Ndinawauza zonse.

"Nanga tsiku lija munakaniranji?" anafunsa.

"Ndinkadikira kuti mundifunse kachitatu, mayi."

Anayamba kuseka mpaka anavula magalasi kuti apukute m'maso. Nanenso ndinapezeka ndikuseka misozi ili m'masaya. "Ndiye moni wa m'mawa uliwonse uja munkabwerera funso lanu?" anatero. "Ine ndimati mwina mukufuna kufunsira mwana wanga." Atapuma anapitiriza mofatsa: "Mwana wanga, mwambo umenewo nafenso kwathu ulipo, ndipo mukanabwera kunyumba kwanga ndikanakukakamizani mpaka mbale kuswekera m'manja. Koma muno ndikafunsa munthu wamkulu kawiri n'kundiuza kuti ali bwino, ndimamukhulupirira. Panja paja panali anthu amene nawonso anali asanadye."

Kenaka anakankhira kontena ija kwa ine. Munali mpunga ndi nyemba. Pakamwa panga panayambanso kuti, "Yewo, mayi, koma..." ndipo iwo anakweza chala. "Achimwene, musandiyambitsenso masamu. Tengani supuni."

Fomu ija sanasaine. Anandiuza zoona zake mosabisa, kuti makadi a chakudya a semesita imeneyo anali atagawidwa onse, ndipo yanga inapita kwa wina pa tsiku lomwe ndinaikana. Komabe tsiku lomwelo anandiperekeza ku laibulale, kumene malo amodzi a ntchito anali asanatengedwe, ndipo ndinayamba kusanja mabuku masana aliwonse. Analembera komiti yoona za ophunzira ovutika kuti nkhani yanga iunikidwe mwapadera, ndipo patatha masabata awiri ndinapatsidwa kadi ya wophunzira wina amene anasamukira ku sukulu ina. M'masabata awiri odikirawo Wongani, atamva zimene zinachitika, ankagawana nane mbale yake ku kafeteriya. Asanandipatse supuni ankanena mofulumira, akunditchula ada monga amuna amaitanirana kwathu, kuti, "Idya, idya, idya. Katatu kakwana, ada, tisachedwe."

Chimene sindinkayembekezera kuti chingandithandize ndicho kucheza ndi mlangizi. Ndinkaganiza kuti vuto langa ndi chakudya basi, koma nditayamba kudya ndinapeza kuti mabuku akundikanabe. Mlangiziyo, bambo wachikulire wodekha, anandithandiza kuona kuti kuyambira tsiku limene adada anagwa ndinkakhala ndi mantha akuti amwalira ine ndili kutali, ndipo foni ikangolira mtima unkadumpha. Iye ndi amene anandiuza kuti sukulu ili ndi dongosolo lopereka tchuthi chachifupi kwa wophunzira amene kholo lake likudwala kwambiri, popanda kutaya malo. Dongosolo limeneli linalipo nthawi yonseyi, lolembedwa m'kabuku kamene ndinapatsidwa tsiku loyamba n'kukaika pansi pa sutikesi.

Ndinapita ku Nchenachena kwa masiku anayi. Adada anali atatulutsidwa m'chipatala, akutha kukhala pampando pakhonde, ndipo mawu anali atayamba kubwerera ngakhale ankatuluka pang'onopang'ono. Ndinkaopa kuwauza nkhani yanga, poganiza kuti akhumudwa kumva kuti mwana wawo akudyera kadi ya ovutika. Nditamaliza kufotokoza, amama anagwira pakamwa, koma adada anayamba kugwedezeka mapewa ndi kuseka kwa mbali imodzi ya nkhope. Analankhula m'Chitumbuka, liwu limodzilimodzi, ndipo tanthauzo lake linali lakuti: "Mwana wanga, ine kuchipatala kuja jakisoni sindinamukane kawiri." Anawonjezera kuti mwambo uja anatiphunzitsa kuti tisamalemetse anthu amene akugawana nafe chochepa chawo, osati kuti tizikana chinthu chimene chinaikidwira ife amene. Kenaka anavomereza kuti mwina iwo anaphunzitsa theka la phunzirolo n'kuiwala theka linalo. Pa moyo wanga wonse ndinali ndisanamvepo adada akuvomera kulakwa, ndipo tsiku limenelo tinaseka atatu pakhonde paja monga tinali tisanasekere chiyambire matendawo.

Nditabwerera kusukulu mutu unayamba kugwira ntchito. Pa maphunziro awiri ndinalephera aja, limodzi ndinaliwombola pa mayeso otsiriza. Linalo linali litapita patali, ndipo popeza linkaphunzitsidwa kamodzi pachaka, ndinayenera kulibwereza chaka chotsatira. Umenewo ndiwo unali mtengo wa masabata asanu aja. Wongani ndi anzanga ena anavala mikanjo yawo ine nditakhala m'gulu la oonerera, ndikuwaombera m'manja. Sindinganame kuti sizinandiwawe.

Koma chaka chotsatira tsiku langa linafika. Adada anakwera galimoto ya matola pa msewu wathu woipa uja, ndodo ili m'dzanja lamanzere, ndipo anakana kukhala pansi pamene dzina langa linkaitanidwa. Amama analulutira mpaka mawu anasasa. Mwambo utatha ndinawatengera kwa Mayi Nankhoma, ndipo adada anawagwira dzanja kwa nthawi yaitali, kufikira mayiwo anawauza kuti mwana wawo ndiye wophunzira yekhayo amene anawapatsapo moni masabata asanu otsatizana popanda kunena chimene wabwerera. Lero ndikugwira ntchito ya zachitukuko m'boma lathu lomweli la Rumphi, adada akuyenda okha mpaka kutchalitchi, ndipo mng'ono wanga wamkazi ali m'chaka chake choyamba ku yunivesite ina.

Inu owerenga amene muli m'sukulu za ukachenjede, ndikudziwa kuti si onse amene amapempha thandizo amalipeza, chifukwa osowa ndi ambiri ndipo zogawa ndi zochepa. N'chifukwa chake kulikana pamene lakupezani ndi kulakwa kwakukulu. Fufuzani ofesi yoona za umoyo wa ophunzira pasukulu panu zinthu zisanafike poipa, werengani kabuku ka malamulo kamene munapatsidwa, ndipo dziwani kuti thandizo si chakudya chokha, pakuti mtima wolemedwa umalepheretsa mayeso mofanana ndi mimba yopanda kanthu. Ngati mnzanu wayamba kusowa nthawi ya chakudya, musadikire chilolezo chake, kamulembetseni monga anachitira Wongani, ndipo mukatero mufunsenso kuti zatha bwanji. Inu makolo, pophunzitsa ana kukana mwaulemu, aphunzitseninso kupempha mwaulemu, chifukwa tsiku lina adzakhala pakati pa anthu amene adzakhulupirira mawu awo monga awanenera.

Ine ndinali ndi mwayi kuti pepala langa lochokera pasukulu linadutsa m'manja mwa munthu amene anayamba wandiyang'ana m'malo mongosaina. Sindingakulonjezeni kuti inunso mudzakumana ndi wotero. Choncho wina akadzakufunsani ngati mukufuna thandizo pamene mukulifunadi, yankhani zoona nthawi yomweyo, ngakhale mawu atuluke monjenjemera. Manyazi a kuyankha kumeneko amatha musanafike n'komwe pakhomo, pamene ine kukana kwanga ndinakulipira ndi chaka.